Mluzu wa a Kamnyamata

Kambale kaja kanakaniratu kuyera. Mayi anakakwecha ndi sopo, anakakwecha ndi kawaya, koma mkati mwake munali bii ngati kale. Ndi mmene ankasungunuliramo mankhwala odetsera tsitsi la amuna awo Lachisanu lililonse, kwa zaka zoti ukayamba kuwerenga ungodzitopetsa. Pambali pake panali kamswachi kakale kopakira mankhwalawo, katapindikapindika.

"Amayi, tayani zimenezo," anatero Mzime, mwana wawo wamkazi womaliza, uku akupukuta makapu amene anthu obwera pamaliro anamwera tiyi. "Mukutsukiranji? Mupakanso ndani?"

"Ndipaka iweyo. Ndaona imvi ziwiri pamwamba pa khutu lakolo."

Mzime anagwira pakhutu msangamsanga, kenako anazindikira kuti amunamiza, ndipo onse awiri anafa nako kuseka. Kuyambira tsiku la maliro, aka kanali koyamba kuti m'khitchinimo mumveke kuseka, ndipo palibe anachita nako manyazi.

Malemuwo dziko lonse linkawadziwa ndi dzina lakuti Kamnyamata. Dzinali analitola ali wachichepere, akudumphadumpha pa siteji ndi buluku lothina, atsikana akukuwa mpaka kusasa mawu, ndipo linawakakamira moyo wonse. Anabereka ana, anaona zidzukulu, mawondo anayamba kudandaula, koma pazikwangwani za madansi ankalembabe kuti Kamnyamata. Nanga munthu wa dzina lotere angaoneke ndi imvi pagulu? N'chifukwa chake panali kambale.

Anamwalira masana, pampando wawo wa pakhonde, nsapato imodzi atavula, inayo ili kuphazi. Sanadwale, sanavutitse munthu. Mayi atawapeza analira ndithu, koma pambuyo pake ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti, "Bambo amenewa ngakhale kupita kwake apita ngati abweranso kudzamaliza." Ndipo chilipodi chimene sanamalize. Anasiya nyimbo imodzi yatsopano, yoyamba patapita zaka zambiri, yonena za ukalamba. Anali ataijambula ku situdiyo koma asanaikonze yoti n'kutuluka. A wailesi analonjeza kuti adzaiimba Loweruka masana pa pulogalamu yowakumbukira, ndipo tsikuli linali Lachinayi.

Galimoto inaima panja. Analowa Chisamba, mwana wawo woyamba, bambo wa mu ofesi, wa kamimba kake, makiyi akuwagwedeza m'manja monga amachitira akakhala kuti nkhani waimaliza kale mumtima.

"Amayi, valani tipite. A Makutu a ku situdiyo akuti nyimbo ija yatheka. Akufuna mawu a banja lero kuti mawa aipereke ku wailesi."

"Yatheka bwanji eni ake kulibe?"

"Ndinawauza ine kuti aikonze. Inu mukangomva basi."

"Ndiye ngati n'kungomva basi, bwanji osadikira ndidzaimve pa wailesi ngati anthu ena onse?"

Chisamba anakanda m'mutu. "Amayi, musayambe."

Mayi sanayambe. Anavundikira kambale pathebulo, anapukuta m'manja, n'kukatenga nsapato zawo zofewa.

M'galimoto Mzime anakhala kumbuyo, Mayi kutsogolo. Anadutsa pamalo omwetsera mafuta, anadutsa sitolo zogulitsa matayala, Chisamba ali duu, maso pamsewu. Mayi ankadziwa chimene chinkamudya mwana wawo, ndipo sankamuda nacho. Chaka chathachi a Kamnyamata anaitanidwa kukaimba pa dansi ina yaikulu, ya achinyamata okhaokha. Anayamba bwino. Koma atafika pa nyimbo yawo yakale yotchuka, pamalo pamene mawu amakwera mpaka kudenga, mawuwo anathyoka pakati, n'kutuluka kaphokoso koti ngakhale tambala wachimfine angakane kuti si iye. Mafoni anali m'mwamba. Pofika mawa lake, kachidutswa kameneko kanali m'foni ya aliyense, ena atakaphatikiza ndi zithunzi zoseketsa. Chisamba anakapeza anzake a ku ofesi atazungulira foni imodzi, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, ndipo atamuona anangoti zii. Mwana wa munthu, zimenezo saiwala.

"Sindilola kuti awasekenso," anatero Chisamba mwadzidzidzi, ngati kuti wina wamufunsa. "Ali moyo anawaseka, ine osachitapo kanthu. Pano ali m'manda, ndiye awasekenso? Ayi, amayi. Ine ndikadalipo, zimenezo ayi."

"Ndamva, mwanangu."

Nawonso eni akewo nkhani ija inawapweteka, Mayi sankabisa zimenezo. Pakhomopo panali lamulo losalembedwa. A Kamnyamata akamabwera ku ntchito, kaya ku situdiyo kaya kokonzekera dansi, zikakhala kuti zayenda, ankaimba mluzu pageti: kawiri kukwera, kamodzi kutsika. Ana ankathamanga kulimbirana kutsegula geti ndi kunyamula gitala, ndipo tsiku limenelo ukhoza kupempha chilichonse. Koma geti likangolira lokha, popanda mluzu, aliyense ankapeza chochita kuchipinda. Chichitikireni zamanyazi zija, mluzu unasowa pakhomopo miyezi yambiri. Bambo ankangolowa mwakachetechete, n'kukhala pakhonde, gitala ali pamwendo koma osamukhudza.

Kenako tsiku lina, milungu ingapo asanamwalire, Mayi akuanula zovala kuseri, anangomva pageti: kawiri kukwera, kamodzi kutsika. Anathamanga ngati mtsikana, zovala zili paphewa. Linali tsiku limene anakajambula nyimbo yatsopanoyi. Ndipo Lachisanu lake, Mayi atabwera ndi kambale, bambowo anakankhira dzanja lawo pambali mwaulemu. "Abwana," anatero, poti ndi mmene ankawatchulira akazi awo, "zisiyeni imvizi zituluke. Zakhala mumdima mokwanira." Izi Mayi anali asanauze mwana aliyense. Zina munthu umafuna uyambe wazisunga wekha kaye.

Situdiyo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa mafiriji, ndipo pokafika kumeneko unkakwera masitepe a simenti, opapatiza, otsetsereka ngati omangawo anali ndi mkwiyo. Ana anakwera mosavuta. Mayi anagwira chitsulo cha m'mbali, n'kumakwera imodziimodzi, mpweya ukuperewera. Pokhota, pakati pa ulendo, anapeza mpando wapulasitiki uli wokhawokha pakona, ndipo sanafunse kuti ndi wa ndani. Anangokhalapo.

"Mwaupeza, amayi," anatero munthu wina akutsika kudzawachingamira. Anali a Makutu, ojambula nyimbo, bambo wowonda, waulemu, amene oimba ankati amamva ngakhale nyerere ikatsokomola. "Ndinawaikira bambo umenewo. Ankapumira pomwepo. Nyimbo yonseyi anaipekera pampando umenewu, akudikira kuti mtima ukhale pansi."

Mayi anasisita mkono wa mpandowo. "Ndiye kunyumba ankandiuza kuti amakwera akuthamanga."

"Ankandiuzanso kuti ndisadzakuuzeni."

Mkati munali mozizira, mopanda zenera loona panja. Makoma anali omatidwa masiponji otuwa, pathebulo pali kompyuta ndi chimakina cha mabatani ambirimbiri, masipika awiri akuluakulu uku ndi uku. Kuseri kwa galasi kunali kachipinda koimbiramo, maikolofoni ili chilili payokha, pansi pali kakapeti kothetheka pakati pomwe oimba amapondaponda. A Makutu anawapatsa Mayi mpando wabwino, wa matayala, umene unafuna kuthawa nawo pokhala. Mzime anaugwira.

"Mwakonzeka?" anafunsa a Makutu. Anadina batani.

Gitala anayamba pang'onopang'ono, ng'oma zikubwera pambuyo. Kenako mawu:

*Ndani watalikitsa masitepe?*
*Dzana ndinkadumpha awiriawiri.*
*Ndani wachepetsa zilembo m'nyuzipepala?*
*Anthu inu, bwanji mukulankhula motsitsa?*

Mayi anagwira pachifuwa. Mawuwo anali osalala, owala, amphamvu, opanda ndi kamodzi komwe kunjenjemera. Anali mawu a mnyamata uja amene anamuona koyamba iwo akung'amba matikiti pakhomo la holo, amene anaimba usana wonse akuyang'ana kukhomo m'malo moyang'ana anthu ovina. Pofika kumapeto, pamene nyimbo imati *ndikwerabe, ndikwerabe*, mawuwo anakwera, anakwera, n'kukaima pamwamba penipeni osagwedera. Misozi inatsika yokha. Mzime naye anali akufwenthera. Chisamba anali atapinda manja, nkhope ikuwala.

"Mwamva, amayi?" anatero. "Amenewo ndiye bambo anga."

Mayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anapuma, n'kutembenukira kwa a Makutu. "Zokoma, bambo. Manja anu ndi odala. Koma tandiuzani, mwachita bwanji? Chifukwa ine munthu ameneyu ndinamutsanzika kalekale."

A Makutu anamwetulira mwamanyazi. Anafotokoza kuti tsiku limenelo bambo anaiimba nyimboyo kangapo. Iye anatola mzere wabwino apa, wina apo, n'kulumikiza. Pamene mawu ankanjenjemera, makina anawawongola. Kupuma kwa befu anakuchotsa. Ndipo mawu okwera a kumapeto aja, poti sanatheke bwino ngakhale kamodzi, anakawabwereka mu chimbale chawo chakale, cha nthawi ya buluku lothina.

"Eya," anatero Mayi. "Ndiye amene akuimbayu, masitepe angamuvute? Ameneyu akhoza kukwera atanyamula firiji ya pansipa."

Mzime analephera kudzigwira, kuseka kunamuphulika m'misozi momwemo. Chisamba anamuyang'ana ndi diso loti ukanakhala mwana ukanathawa.

"Achimwene, pepani, koma amayi akunena zoona," anatero Mzime. "Munthu akudandaula mawondo ndi mawu a mwana wa sukulu. Ndani akhulupirire?"

"Iwe khala chete. Sunali ku ofesi kwanga tsiku lija."

"Ndinali ku ntchito kwanga, ndipo nakonso mafoni aliko."

"Ndiye ukufuna zibwerezedwe?"

"Taimani," anatero Mayi, osakweza mawu, ndipo onse anaima. "A Makutu, mwati anaimba kangapo. Eni ake anasankha iti?"

"Sanasankhe, amayi. Ndi chimene chandisowetsa mtendere masiku onsewa. Atamaliza anangotuluka m'kachipindamo, anavala chipewa, n'kunena kuti, 'Mwamva nokha.' Ine ndinaganiza kuti akutanthauza kuti ndisankhe ndi makutu angawa. Tinapangana kuti abweranso tidzakonzere limodzi. Sanabwerenso."

"Mluzu anaimba pa iti?"

A Makutu anaphethira. "Mluzu?"

Chisamba anatembenuka msanga kuyang'ana mayi ake.

Mayi anafotokoza modekha. Mluzu wa pageti uja sunkayambira pageti. Unkayambira m'kachipinda ngati kameneka. Kale, asanabereke, Mayi ankawaperekeza amuna awo kojambula, n'kumakhala pakona. A Kamnyamata sanali munthu wonena kuti iyi ndiye yabwino, ankati kuyamikira ntchito yako ndi pakamwa n'kudzichotsa ulemu. Akaimba koma mtima osakhutira, ankangoti tibwereze. Koma ikawafika pamtima, gitala akangoti zii, ankaimba mluzu, ndipo mkulu amene ankawajambula masiku amenewo ankadziwiratu kuti basi, ndi imeneyo, n'kuyamba kupinda mawaya. Mluzuwo ankapita nawo mpaka kunyumba. Mkulu uja anamwalira kalekale, ndipo palibe anaganiza zoti a Makutu, amene aka kanali koyamba kuwajambula, ayenera kuuzidwa.

A Makutu anagwira pakamwa. "Mayo ine. Amayi, ife ntchito yathu, nyimbo ikangotha timadula mchira. Zotsokomola, zokoka mipando, zonse timataya. Ine gitala akangosiya ndimakhala ndavula kale zomvera m'makutu, ndikulemba zina. Sindimvera n'komwe."

"Ndiye michirayo munataya?"

"Ayi, zoyambirira zonse zilipo, sindinafufute."

"Tiyeni timve michira."

A Makutu anasakasaka pakompyuta. Anatsegula yoyamba, n'kulumphira kumapeto. Gitala anatha. Kunamveka kutsokomola, kenako mawu a bambowo, apafupi ngati ali m'chipinda momwemo: "Tibwereze." Mzime anagwira dzanja la mayi ake. Yachiwiri, anangotsonya. Ina, anapuma mozama n'kunena kuti, "Ndikudzinamiza, eti?" Ina, anapempha madzi ofunda. Mluzu panalibe.

"Zatha?" anafunsa Chisamba, ndipo m'mawu ake munali kachiyembekezo.

"Yatsala imodzi," anatero a Makutu monyinyirika. "Yomaliza. Koma imeneyo inawonongeka, sindinatengemo kanthu. Anali atatopa. Anandiuza kuti nyimbo yonse tiitsitse kuti mawu asakwere kwambiri, n'kupempha mpando, anaimba atakhala pansi."

"Imeneyo muiyambe poyambirira," anatero Mayi.

Gitala yemwe uja, koma wotsika. Kenako kunamveka munthu akukoka mpweya, ndipo Mayi anaudziwa mpweya umenewo asanamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndi umene ankaumva pambali pawo m'mawa uliwonse, bambowo akamadzuka pabedi mochita kukambirana ndi msana.

*Ndani watalikitsa masitepe?*

Mawu ake anali okhuthala, a mchenga pang'ono, onjenjemera kumapeto kwa mzere uliwonse. Sankathamangira ng'oma, ankabwera pambuyo pake mwaulesi, ngati munthu amene wasiya kupikisana ndi aliyense. Pa mzere wa zilembo za m'nyuzipepala munkachita kumva kuti akumwetulira. Mayi anatsinzina. Uyu ndiye anali munthu wofunafuna magalasi ali pamphumi pake, woiwala chimene walowera m'chipinda, wowaitana kuti Abwana pofuna kuti amudule zikhadabo za kumapazi.

Nyimbo inayandikira kumapeto. Chisamba anaweramitsa mutu, mapewa atakwera, ngati munthu amene akudikira kumenyedwa. *Ndikwerabe*, anaimba bambowo. *Ndikwera...* Mawu ananyamuka, anafika pakati, n'kuthyoka, ndendende ngati tsiku lija.

Ndiye bambowo anaseka. Osati kuseka kobisa manyazi ayi, koma kuseka kwawo kwenikweni kwa m'mimba, kumene kunkagwedeza thebulo pa chakudya. Gitala anapitirira, ndipo iwo anamaliza mzerewo mongolankhula, mpweya ukuperewera, kuseka kusanathe: "Ndikwerabe, koma mundidikire."

Gitala anati zii. Mpando unalira. Kunamveka kabuulo kakang'ono ka munthu amene akuimirira atagwira bondo. Ndiyeno, momveka bwino, mwamphamvu ngati wa mnyamata: kawiri kukwera, kamodzi kutsika.

A Makutu anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Mzime anali atabisa nkhope paphewa la mayi ake.

Chisamba anaimirira, anapita pagalasi, n'kumayang'ana maikolofoni ija, atawafulatira onse.

"Adzawaseka," anatero, mawu ali pansi.

"Adzaseka, inde," anayankha Mayi. "Koma wayamba kuseka ndani? Sunawamve? Tsiku lija anawaseka iwo asakufuna. Apa achita kuwaitana okha kuti bwerani tiseke."

"Amayi, inu simudziwa mmene anthu alili ndi mafoni awo."

"Anthu ndikuwadziwa, mwanangu, ndinayamba kuwaona pakhomo la holo iwe usanabadwe. Tamvera. Mnyamata wa mu nyimbo yoyamba ija ndinamukonda, ndipo lero wandiliza. Koma ndinakhala naye zaka zochepa, anapita osatsanzika. Nkhalamba iyi ndi imene ndakhala nayo, ndi imene ndaisambitsa, ndi imene ndikuisowa. Ukaibisa, ndiye kuti wandiikira maliro kawiri."

Chisamba anangoyang'anabe maikolofoni ija.

"Komabe ndiwe wamkulu," anapitiriza Mayi. "Sindikufuna kuti nyimbo ituluke, ine n'kutaya mwana. Ukati ayi, ine ndipempha a Makutu andiikire yangayi pafoni, ndizikamvera kunyumba. Wonena ndiwe."

Ananena zimenezi ndi mtima wonse, ngakhale ankaopa yankho lake. Ankamudziwa mwana wawo. Anatengera bambo ake kuuma khosi, ndipo akanena kuti ayi, ngakhale utabwera ndi gulu la oimba kudzamunyengerera, amakhala ayi yemweyo.

Chisamba anakhala pagalasipo kanthawi. Kenako, osatembenuka, anati, "A Makutu, tabwerezani kumapetoko."

A Makutu anabwereza. Kuthyoka kwa mawu, kuseka, *mundidikire*, mpando, bondo, mluzu.

"Kenanso."

Anabwerezanso. Ulendo uno mluzu utalira, Mayi anaona mapewa a mwana wawo akugwedezeka, ndipo sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atatembenuka. Zinali zonse ziwiri.

"Tsiku lina ndinalephera mayeso," anatero Chisamba, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja ngati mwana. "Ndinabisa pepala sabata yathunthu, kudikira mluzu. Utalira ndinathamanga, ndinatsegula geti, gitala dzanja ili, pepala dzanja ili. Anangoliyang'ana n'kunena kuti, 'Tibwereze.'"

"Ine ndinkadikira mluzu kuti ndipemphe nsapato," anatero Mzime.

"Iwe unkapempha ngakhale popanda mluzu."

"Poti ndine mzime."

Chisamba anapuma mozama, anatola makiyi ake pathebulo, anawayang'ana, n'kuwaika m'thumba. "Mupereke yomalizayi," anatero. "Mmene ililimu. Ndipo mchirawo musadule."

"Ngakhale bondolo?" anafunsa a Makutu.

"Ngakhale bondolo."

"Yokonzedwa ija musataye," anawonjezera Mayi. "Mumupatse mwana wangayu aziimvera m'galimoto. Nanenso tsiku lina ndikadzafuna kuonana ndi chibwenzi changa chakale, ndidzamupempha."

Potsika, Chisamba anatsogola, chammbuyo, atawagwira mayi ake dzanja. Atafika pokhota paja, Mayi sanafune kupuma, koma iye anaima, anauyang'ana mpando wapulasitiki uja, n'kukhalapo yekha pang'ono. "Masitepe amenewa ndi aatalidi," anatero.

Loweruka kunacha bwino. Anthu obwera kudzapepesa anali atachepa, mipando yobwereka itabwezedwa, nyumba itayambiranso kumveka ngati nyumba. Masana Mzime anatulutsa wailesi n'kuiika pakhonde, pafupi ndi mpando wa bambo umene panalibe ankakhalapo. Mayi anakhala ndi dengu la zovala za pa siteji, akusankha zopatsa anthu ndi zosunga. Jekete ina yonyezimira anaiika kumbali ya zosunga, kenako ya zopatsa, kenako ya zosunganso. Chisamba anakhala pamasitepe a khonde, foni ataizimitsa dala n'kuisiya m'galimoto.

Woulutsa mawu analankhula zambiri, monga amachitira, anaimba nyimbo zakale ziwiri zitatu, kenako anati tsopano mverani mawu omaliza a Kamnyamata. Mawailesi a nyumba zoyandikana nawo anali pa siteshoni yomweyo, moti nyimboyo inkamveka kuchokera mbali zonse, ina ikuchedwa pang'ono.

Pa mzere wa masitepe, kalipentala wokalamba wa kutsidya kwa msewu anasiya kupala thabwa. Pa mzere wa nyuzipepala, anakuwa ali komweko kuti, "Auzeni, akulu! Auzeni!" Mawu atathyoka, kuseka kunamvekadi, kuseri kwa mpanda uku, kutsidya uko. Mayi anayang'ana msana wa Chisamba. Unauma kaye. Koma kusekako kunali kwa anthu amene akuseka ndi mnzawo, ndipo mayi wina wa nyumba yachitatu anamveka akubwereza mokuwa kuti, "Mundidikire! Inenso mundidikire!" Msana uja unamasuka.

Gitala anati zii. Mpando unalira. Bondo linadandaula.

Kawiri kukwera, kamodzi kutsika.

Mayi anangozindikira kuti aimirira, jekete yagwa pansi, ndipo atsika kale khonde. Miyendo inali itanyamuka yokha osawafunsa. Koma anachedwa. Chisamba, bambo wa mu ofesi, wa kamimba kake ndi imvi zake zoyamba, anali atafika kale pageti, dzanja lili pachitsulo chotsekera.

Anayang'anana. Mzime pakhonde anagwira pakamwa.

Chisamba akanatha kuchotsa dzanja n'kunamizira kuti amaona ngati geti latsekedwa bwino. Sanatero. Anakoka chitsulo, analitsegula lonse, n'kuima pambali monga ankachitira ali mwana. Mumsewu munalibe munthu, kupatula wanjinga wina amene ankadutsa chapatali. Mayi anabwera kudzaima pafupi naye. Anadikira awiriwo kanthawi kokwanira kuti munthu wa mawondo ovuta alowe bwinobwino osafulumizidwa.

Kenako Chisamba anatseka geti pang'onopang'ono, ndipo Mayi anapita kukatereka madzi ofunda, monga ankachitira bambo akafika pakhomo.